Mabowo akukana pa felemu yopita ku Antarctica

Wa ku Wadeville: Akuluakulu thandizeni mutu waima. Tili ndi kaganyu ka felemu ya kashedi kopita ku Antarctica, zonse ndi zomanga ndi mabawuti, kontena ikuyenera kutsika ku Cape Town mu November poti sitima imanyamuka December ndipo ukaiphonya udikira chaka chamawa. Dzulo tayesa kuimika pabwalo, mabowo 6 pa ma base plate (mapuleti a pansi pa mizati) aphonya ndi 4mm. Bwana akuti tingotumiza akawotcherera konko. Chinanso dirowing'i ikuti chitsulo chikhale cha mtundu wa S355J2 iye wagula cha mtundu wa JR ati ndi chimene chinalipo. Wosaina ndine, nditani

Madala a ku Turffontein: JR yo musayerekeze achimwene. JR amaiyesa kulimba kwake pa madigiri +20, J2 pa madigiri -20. Kozizira chitsulo cholakwika sichiyamba chapindika kaye kuti muone, chimangoti phwa ngati chinangwa chouma. Itanitsani mill cert, pepala la ku fakitale lonena mtundu wa chitsulo, musanadule china chilichonse.

Aise wa ku Mayfair: Chitsulo ndi chitsulo mani. Kuzani mabowo ndi gasi, ikani washala wamkulu, mwatha.

Madala a ku Turffontein: Gasi pa bowo la bawuti?? Aise mukudziwa mmene amamangira kumeneko? SANAE IV ija, malo a kafukufuku a South Africa ku Antarctica, anaimaliza 1997, ili pa thanthwe la Vesleskarvet, anaikweza pa miyendo yachitsulo kuti mphepo izidutsa kunsi ndi kusesa sinowo, chifukwa nyumba zoyambazo zinali pa ayezi ndipo zinakwiririka. Ndiye mphamvu yonse ya mphepo imathera pa mapuleti omwe mukufuna kuwotchawo.

Mlongo wanu wa QC (woyendera ngati ntchito yapangidwa bwino): Zokawotcherera konko ziiwaleni. Pamafunika preheat (kutenthetsa chitsulo musanawotcherere), tenti yotchinga mphepo, ma rod owotcherera a 7018-1 ochokera mu uvuni yowaumitsira, ndipo munthuyo wavala magolovesi oti ngakhale nati imamuvuta kugwira. Kulibe hardware kumeneko, ngakhale zinyalala zimabwerera pa sitima. Lembani NCR (lipoti la zomwe zalakwika) ipite kwa injiniya, asankhe yekha kudula mapuleti atsopano kapena slot (bowo lotalikitsa). Musasaine.

Wa ku Rosettenville: Za ma rod mwandikumbutsa. Chaka china June tinkamanga mabulaketi a cold room ku City Deep, mnyamata anasiya paketi ya 7018 yotsegula kumbuyo kwa bakkie usiku onse, m'mawa mame okhaokha ife osadziwa. Weld imaoneka bwinobwino ngati ya pa chithunzi. Patatha masiku awiri tikumva kuti thee, mng'alu kuyambira kumapeto mpaka pakati. Tinagaya zonse ndi galayinda Lamulungu, ulere, ndipo kumeneko kunali kuzizira kwa Joni chabe.

Aise wa ku Mayfair: Ine zaka 15 ndikukuza mabowo palibe chinagwa. 4mm ndi chani

Mlongo wanu wa QC: Makapoti (mashedi a magalimoto) a ku Mayfair sakwera sitima aise.

Wa ku Wadeville: Ndamva. Koma zapita kale ku galvanising (kokuta zinki yoteteza dzimbiri) theka, tikadula mapuleti ndiye kubwezanso, masabata awiri apita. Bwana foni sakuyankha

Madala a ku Turffontein: Bola masabata awiri. Ndipo chilichonse muchilembe nambala yaikulu mbali zonse, mabawuti muwonjezere, ikagwa mu sinowo saipezanso.

Aise wa ku Mayfair: Washala wamkulu basi. Muzandiuza.

Wa ku Rosettenville: Paja kwanuko akulembabe ma boilermaker? Ndili ndi mphwanga wangofika kuchokera ku Mangochi, amagwira bwino koma pepala la trade test alibe