External yopanda adaputa, kodi laputopu yakale ingaikwanitse?

wamakamera_265:
Abale ndithandizeni. Ndikufuna kugula external (disiki yosungira mafayilo yolumikiza pa USB) ya 1TB yosungiramo mavidiyo a maukwati omwe ndimajambula, ndiye mushopu ndaonamo mitundu iwiri, zina za chingwe chimodzi basi zina zikuluzikulu zokhala ndi adaputa yake yapasoketi. Laputopu yanga ndi yakale, mapoti onse ndi USB 2.0. Yachingwe chimodziyo igwira kapena ndingotaya ndalama?

Kabudula:
Achimwene nkhani yagona pa moto. Poti ya 2.0 imatulutsa 500mA pa 5V, ya 3.0 ija yabuluu mkati imafika 900mA. Tima external ta chingwe chimodzito, ta 2.5 inch, monga WD Elements kapena Toshiba Canvio timadya moto wapa USB pomwepo, koma nthawi yomwe timafuna moto wambiri ndi poyamba, disiki ikamayamba kuzungulira, ndiye poti ikakhala yofooka mumangomva tiki tiki tiki kompyuta osaiona nkomwe, anthu nkumati yafa chonsecho ili bwinobwino. Malaputopu ambiri amapatsa kuposa 500 ija ndiye mwina igwira, koma musalipire musanayese. Pitani nayo laputopuyo kushopu konko.

mai_Tadala:
Kuonjezera apo gulaninso Y-cable, ili ndi mitu iwiri mbali ya kompyuta, wina wa data wina wongokoka moto pa poti yachiwiri. Ndipo chingwe chikhale chachifupi. Ine yanga inkangodukaduka nditaika pa extension yaitali, komanso pa TV inkakana, pa TV zina poti yake ndi yongowerengera flash basi. Hub (kabokosi kochulukitsa mapoti a USB) yokhala ndi adaputa yake imathetsanso vutoli.

Kabudula:
Zikuluzikuluzo ndi 3.5 inch, zimafuna 12V nchifukwa chake USB payokha siingaziyendetse. Ndi kuthimathima kwa magetsiku ine sindingakulangizeni, akathima mukukopera ukwati wa anthu imazima pompo mafayilo nkuonongeka, pomwe yaying'onoyo imapitiliza ndi batire ya laputopu.

wamakamera_265:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga SSD bwanji?

mai_Tadala:
SSD imasunga mafayilo ngati flash, ilibe chozungulira ndiye zatiki tiki palibe, ikagwa pansinso siionongeka msanga, koma mtengo wake eeh. Ndiye pa 2.0 liwiro lakelo simuliona, poti yomweyo ndiyomwe izikuchedwetsani. Tengani 2.5 ndi Y-cable, ndalama yotsalayo musunge mudzagule yachiwiri ya backup, mavidiyo a anthu sakhala pa disiki imodzi.