Galimoto yowotcherera pakhomo ikukokera kumanzere, chiwongolero sichibwerera

Mwini galimoto, Chirimba:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chasisi ndi ya mapaipi owotcherera, imakankha ndi mateyala akumbuyo, kutsogolo kuli ma wishbone (mikono yachitsulo yolumikiza teyala ku chasisi) awiri mbali iliyonse, malimu a mainchesi 15. Ikukokera kumanzere, ndikakhota chiwongolero sichibwerera chokha, ndipo ikaponda hampu mphuno imathawira kumbali. Kumakina a alayimenti andibweza, ati galimotoyi mulibe mu kompyuta yawo.

Makaniko, Ndirande:
Achimwene, musayambe mwakhudza tayirodi, chitsulo chomwe chimakhotetsa teyala mukapotoza chiwongolero. Toe, kuloza kwa mateyala mkati kapena kunja mukawayang'ana kuchokera pamwamba, imabwera pomaliza, chifukwa chilichonse mungasinthe chimaisokoneza. Yambani ndi simenti yosapendekeka, mpweya wofanana m'mateyala, thanki ya theka, ndipo pampando wa dalaivala muikepo matumba a mchenga olemera ngati inuyo. Galimoto yopepuka chonchi imatsika mbali imodzi munthu akangokwera. Yezani kuchokera pansi kufika pa chasisi m'makona onse anayi, kumanzere ndi kumanja kufanane. Kenako caster (kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe teyala limatembenukirapo pokhota), camber (kupendekera kwa teyala mkati kapena kunja mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo), toe. Mabawuti a mabushi a labala mumange galimoto itaima pa mateyala ake, osati ili pa jeke, apo ayi mabushi amakhala opotoka ndipo sachedwa kung'ambika.

Wa alayimenti, Limbe:
Zachiwongolerozo ndi caster basi. Pansi pa teyala lililonse lakutsogolo ikani zitsulo ziwiri zafulati zopaka girizi pakati, kuti teyala lizitembenuka osakanirira. Khotetsani madigiri 20 kunja, yezani camber. Khotetsani 20 mkati, yezaninso. Kusiyana kwake muchulukitse ndi 1.5, imeneyo ndiye caster. Yezani mbali zonse mutiuze.

Mwini galimoto, Chirimba:
Kumanzere kwatuluka madigiri 3, kumanja 6.

Wa alayimenti, Limbe:
Vuto ndi limenelo, bwana. Galimoto imakokera mbali yomwe caster ndi yochepa, ndiye onjezanipo kuti misewu yathu imapendekera kumanzere kuti madzi azitsetsereka. Kwezani ya kumanzereyo ifike 6. Sunthani wishbone yapamwamba kupita kumbuyo, pochotsa mawashala kumbuyo kwa bushi n'kuwaika kutsogolo. Ngati pakati pa bolojointi yapamwamba ndi yapansi pali mamilimita 230, kusuntha mamilimita 4 ndi digiri imodzi, ndiye mukufunika 12. Malo akakhala osakwana, bulaketi inawotcheredwa polakwika. Iduleni muwotcherenso, musapinde wishbone ndi moto.

Camber siyovuta. Lendewetsani ulusi wokhala ndi nati kunsonga, yezani kufika pamlomo wa limu pamwamba ndi pansi. Pa limu ya 15, mamilimita 7 ndi pafupifupi digiri imodzi. Pamwamba palowe mkati ndi mamilimita 3 kapena 4. Mukapitirira pamenepo teyala lidzadyeka mkati.

Makaniko, Ndirande:
Pa toe ndi pomwe anthu amadzinamiza ndi ulusi. Amauyeza mofanana kuchokera pa habu yakutsogolo ndi yakumbuyo, kuiwala kuti mateyala akumbuyo sanatalikirane ngati akutsogolo. Tengani mapaipi awiri, mucheke timipata motalikirana chimodzimodzi, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, ulusi umangidwe m'timipatamo mbali zonse ziwiri za galimoto n'kudutsa pa msinkhu wa pakati pa habu, ndipo mapaipiwo muwalinganize ndi mzere wapakati wa chasisi. Mangani chiwongolero raki (chitsulo chamano chomwe chimakankha matayirodi kumanzere ndi kumanja) ili pakati. Kutsogolo kwa limu kutalikire ulusi ndi milimita imodzi kuposa kumbuyo kwake, teyala lililonse. Mukapotokola tayirodi, kankhani galimoto chammbuyo n'kuibweza musanayezenso.

Wowotcherera, Makata:
Madala, zapahampuzo simunazikhudze, ndipo n'zimene zingamugwetsere munthu mu ngalande. Imeneyo ndi bump steer: raki ili pamwamba kapena pansi kwambiri, ndiye teyala likakwera tayirodi imalikoka. Chotsani shoko ndi sipuling'i, chasisi ikhale pa masitandi pamlingo woyendera, mukweze habu ndi jeke mamilimita 50 mmwamba ndi 50 mmunsi mukuyang'ana ngati ikutembenuka. Ikani mashimu (tizitsulo topyapyala tokwezera) pansi pa raki, milimita imodzi kapena iwiri nthawi imodzi, mpaka kutembenukako kuchepetsetse. Jointi yamkati ya tayirodi ikhale pamzere wa mabawuti amkati a ma wishbone awiriwo. Raki yochotsa pa galimoto ina nthawi zambiri imakhala yaitali, ndipo mashimu sangakonze zimenezo.

Wa alayimenti, Limbe:
Zoona, ndipo zimenezi zichitike caster ikatha, chifukwa kusuntha wishbone kumasinthanso msinkhu wa pomwe tayirodi imagwira. Mukamaliza, bwererani kumakina kuja ndi manambala anu papepala. Makina amayeza galimoto iliyonse, mungowauza kuti akuwerengereni osasankha mtundu.