Stew ya mu slow cooker ikungotuluka madzi, ndithandizeni

Nachisale, Randburg: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto. Ndayamba ntchito pa nyumba ina mwezi wathawu, ndipo madamu anandipatsa slow cooker ya malita 6, mphika wa magetsi wophika pang'onopang'ono, kuti ndiziphikira stew Lachiwiri ndi Lachisanu, poti masiku amenewo ndimakhala pa zochapa ndi kusita mpaka madzulo. Ndaphika katatu, katatu konse zandikanika. Msuzi ndi madzi okhaokha, wosukuluka ngati otsukira mbale. Nyama ikulekana ngati luzi koma mkamwa ndi youma. Dzulo ana anangotola mbatatesi n'kusiya zinazo. Madamu sanayankhule kanthu, koma nkhope ndinaiona. Ine kwathu ku Mzimba ndaphikapo pa maukwati ndi pa maliro, lero ndichite manyazi ndi kamphika ka magetsi?

Nambewe, Midrand: Pepani achemwali. Tafotokozani kuyambira podula nyama. Ndi chiwalo chanji, nanga madzi mukuthira ochuluka bwanji?

Nachisale, Randburg: Ndi rump, nyama ya kuthako kwa ng'ombe, kilo imodzi ndi theka, amagula okha madamu. Ndimaidula n'kuika yaiwisi, pamwamba anyezi, tomato, karoti ndi mbatatesi, mchere ndi stock cube, kenako madzi mpaka zonse zimire. Ndimayatsa 8 koloko pa Low, kuzimitsa 5 koloko. Pakatipa ndimapita kukavundukula ndi kutakasa, mwina kanayi.

Nambewe, Midrand: Iii, mlandu ndi madziwo. Inu mukuphika ngati muli pa mbaula. Pa makala timathira madzi ambiri chifukwa tikudziwa kuti aphwera, mwinanso timachita kuwonjezera kawiri nyama isanafewe. Mphika uwu suphwetsa madzi. Nthunzi ikagunda chivundikiro imasanduka madontho n'kugweranso momwemo. Ndiye onani, nyama itulutsa madzi ake, anyezi ake, tomato ake, kuphatikiza chidebe chanu chija. Mapeto ake muli ndi dziwe. Pa nyama yochuluka choncho ine ndimathira kapu imodzi ndi theka basi, madzi asafike n'komwe pamwamba pa nyama. M'mawa zimaoneka ngati zipserera, mtima umachita kuti phaa, koma limbani. Pofika masana mupeza msuzi wakwera wokha.

Bambo Phiri, Sandton: Anambewe anena zoona, koma ngakhale mutachepetsa madzi, rump ikunyozetsanibe. Imeneyo ndi nyama yowotcha kapena yokazinga mwachangu, ilibe mitsempha kapena mafuta okwanira. Ikakhala pa moto maola 9 imafinya madzi ake onse, n'chifukwa chake ikuuma ili m'kati mwa msuzi. Mphika uwu umafuna nyama yolimba, ija timaidandaula kuti imatha makala: shin ya kumwendo yokhala ndi fupa pakati, ya m'khosi, chuck, brisket, nthiti, mchira wa ng'ombe. Zoyera zolimba zija zili m'nyama zotere azungu amati collagen. Zikaphikidwa pang'onopang'ono zimasungunuka n'kulowa mu msuzi, msuzi n'kumamata milomo. Mukukumbukira msuzi wa mapazi a ng'ombe ukagona, mmene umaundanira m'mawa? Ndi zomwezo. Rump ilibe zimenezo, ndiye nyama yauma, msuzi nawo wasowa thupi.

Nachisale, Randburg: Nanga ndikawauza bwanji madamu kuti nyama yawo yodulayo ndi imene ikuononga? Mwezi umodzi sunathe ndili pano.

Bambo Phiri, Sandton: Musanene kuti akulakwitsa, mayi. Ingonenani kuti mphikawu umakonda shin kapena chuck, ndipo rump muziwakazingira tsiku lina. Akaona kuti shin ndi yotsikanso mtengo, sakukanirani.

Nangozo, Pretoria East: Moni nonse. Ine funso langa ndi la kukazinga. Anthu amati uyambe wakazinga nyama, koma ine ndimangoponya yaiwisi ndipo palibe anadandaulapo. M'mawa ndi ana oti uwakonzekeretse kusukulu, nthawi yokazinga uitenga kuti?

Bambo Phiri, Sandton: Kupsa ipsa ndithu, asisi, sindikutsutsani. Koma kukoma kuja kwa nyama yofiirira mphikawu sungakupange, moto wake ndi wonyowa ndipo sufika pamenepo. Ndi mphindi 15 zokha. Pukutani nyama iume, iwazeni mchere ndi fulawa masupuni awiri, poto atenthe kwambiri, muziika pang'onopang'ono. Mukadzaza poto nyama imayamba kutuluka madzi, ndiye mwaiwiritsa, simunaikazinge. Mukachotsa nyama, kazingani anyezi momwemo, supuni ziwiri za tomato paste mpaka zide pang'ono, kenako thirani kapu ndi theka ija ya madzi n'kupala zonse zakakamira pansi pa poto. Zimenezo ndiye ndiwo. Anthu ambiri amakatsukira ku sinki.

Nangozo, Pretoria East: Zoona abambo, koma m'mawa mwa kwathu kuno simunamuone. Chabwino, ndiyesa Loweruka.

Nambewe, Midrand: Achemwali a ku Randburg, china ndi kuvundukula kwanuko. Lekani. Nthawi iliyonse mukatsegula, kutentha kumathawa ndipo kamphika aka kamachedwa kubwezeretsa, amati mphindi 20 kapena kuposa. Kanayi ndiye mwataya ola lathunthu ndi zina. Chivundikiro ndi cha galasi kuti muzisuzumira ndi maso. Ndi chimodzimodzi potjie, stew ija azungu a kuno amaphika pa makala mu mphika wachitsulo wa miyendo itatu, ukangoitakasa amakuyang'ana ngati watukwana. Komanso mbatatesi ndi karoti ziziyamba pansi ndi m'mbali, nyama pamwamba. Zimamveka zozondoka koma mu mphikawu zimenezi zimachedwa kupsa kuposa nyama. Ndipo musadzaze mpaka kukamwa, lekezani pa theka kapena kupitirira pang'ono.

Achimwene Banda, Cape Town: Msuzi ukalowa madzi ingowazani ufa wa nsima, nkhani yatha.

Nambewe, Midrand: Achimwene, mukufuna mnzathu achotsedwe ntchito? Apereke phala la nyama kwa azungu? Zikavuta chonchi, sungunulani Maizena, ufa wosalala uja wolimbitsira msuzi, supuni imodzi kapena ziwiri m'madzi ozizira, thirani, ikani pa High mphindi 20. Osathira youma, imachita mibulu. Kapena tsanulirani msuzi wokha mu poto, uwire pa sitovu wosavundikira mpaka uphwere, n'kubwezera. Njira yachiwiriyi ndi imene ndimaikonda chifukwa imabweza ndi kukoma komwe.

Achimwene Banda, Cape Town: Ndimangoseka ine. Koma kunyumba kwanga ndimatero ndipo ana amanyambita mbale.

Anaphiri, Leeds: Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Ine ndimaphikira agogo amene ndimawasamalira kuno, ndipo slow cooker ndi imene imandipulumutsa. Ndingochenjeza pa nyemba, poti tsiku lina adzakuuzani muikemo. Nyemba zouma, makamaka zofiira zija, musaziike zaziwisi mu mphikawu ngakhale mutaziviika usiku wonse. Zili ndi poizoni wina amene amafa ndi moto waukali wokha. Kwathu sitimudziwa chifukwa nyemba zimabwadamuka pa nkhuni maola ambiri. Moto wa Low ndi wofatsa, sumupha bwinobwino, ndipo anthu amasanza ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa atadya. Ziviikeni, tayani madziwo, ziwire mwamphamvu pa sitovu mphindi zosachepera 10, kenako ndiye zilowe. Za m'chitini zilibe vuto, zinaphikidwa kale, muzithira kumapeto. Sugar beans zanu za ku Joni nazonso muziwiritse, musachite ulesi. Chinanso, nyama ya mu firiza yosasungunuka isalowe mu mphikawu. Imachedwa kutentha, ndiye imakhala nthawi yaitali ili yofunda chabe, pamene tizilombo timaswana. Isungunuke kaye mu firiji usiku.

Nachisale, Randburg: Zikomo amayi, za nyembazo sindimadziwa ngakhale pang'ono. Nanga magetsi akathima pakati? Sabata yatha anathima dera lathu lino maola atatu.

Bambo Phiri, Sandton: Ngati mulipo ndipo mwaona nthawi yomweyo, tsanulirani mu poto mumalizire pa gasi. Chimphika chadothi cha m'kati mwa slow cooker musachiike pa moto pokhapokha bukhu lake likuloleza, chimasweka, ndipo musachithire madzi ozizira chili chotentha. Koma ngati munachokapo, simukudziwa anathima nthawi yanji ndipo mwapeza zazizira, musaike moyo wa ana a eni pa chiswe, auzeni madamu zitayidwe. Mu 2023 load shedding, kuthimitsa magetsi mosinthanasinthana kuja, itafika povuta ine ndinasiya kaye mphikawu. Ndinkawiritsa stew pa gasi theka la ola n'kuika poto mu Wonderbag, chithumba chosunga kutentha chija, ndipo madzulo ndinkapeza yafewa.

Nachisale, Randburg: Ndabweranso akuluakulu, lero Lachisanu. Ndinalankhula nawo madamu monga munanenera bambo Phiri, anangoti chabwino n'kubwera ndi shin. Ndinadzuka msanga n'kukazinga katatu pang'onopang'ono, mbatatesi pansi, madzi kapu ndi theka. Kunena zoona cha m'ma 10 koloko dzanja linafika pa chivundikiro, ndinachita kulibweza n'kupita kukasita. Pofika 4 koloko nyama inali ikugwa yokha pa fupa, msuzi wakuda bwino wogwira supuni, Maizena sindinamukhudze. Kamnyamata kakang'ono kanachita kupempha mafuta a m'fupa kuti kapake pa buledi. Cholakwika chimodzi, mchere unapitirira pang'ono, ndinathira muyezo wakale uja wa madzi ambiri.

Nambewe, Midrand: Ndinaiwala kukuuzani zimenezo, pepani. Stock cube ili kale ndi mchere wake. Lachiwiri muthire theka, wina mulawe kaye kumapeto.

Nachisale, Randburg: Ndamva. Ati Lachiwiri agula mchira wa ng'ombe. Umenewo maola angati?

Bambo Phiri, Sandton: Upatseni 9 kapena 10 pa Low, ndipo muyengule mafuta pamwamba musanapakule, umatulutsa ambiri.