Okapi, Opinel kapena Victorinox: mpeni woyenda nawo m'thumba ndi uti?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndikufuna mpeni umodzi wopinda woyenda nawo tsiku lililonse. Ntchito yake kudula zingwe ndi makatoni, kusenda nzimbe ndi mango, nthawi zina kutumbula nsomba kunyanja. Ndigule uti?

Mmisiri wa zitsulo:
Achimwene, yambani mwaona chitsulo chake, dzina libwere pambuyo. Okapi wanthawi zonse uja, amene amapangidwa ku South Africa kuyambira 1988, ndi wa chitsulo cha kaboni. Amanoleka msanga ngakhale pamwala wamba, koma madzi a mango kapena a nsomba akagonerapo, m'mawa mupeza wachita dzimbiri. Akangoda pang'ono musadandaule, kudako kumateteza chitsulo. Loipa ndi dzimbiri lofiira. Muzipukuta n'kupaka dontho limodzi la mafuta. Koma poti mwatchula nsomba, fufuzani wolembedwa Inox kapena stainless, kutanthauza chitsulo chosachita dzimbiri msanga.

Wokonda kutchire:
Ine ndingati Opinel No. 8 wa Inox. Chitsulo chake n'chotalika masentimita 8.5, ndipo ali ndi mphete yomwe mumapotoza kuti asapindike. Vuto lili pachogwirira: ndi chamtengo, chikanyowa chimafufuma, mpeni n'kukana kutseguka. Musaukakamize ndi chikhadabo. Gogodani kumapeto kwa chogwiriracho patebulo, nsonga ituluka yokha, kenako muumitse pamthunzi. Chitsulo chake n'chopyapyala, choncho panzimbe dulani molunjika, osapotokola, chingabenthuke.

Wonola mipeni:
Bambo, Victorinox yaying'ono ndi yabwino chifukwa cha sizasi ndi sikuludilaiva, koma yambiri ilibe loko. Mukamaboola chinthu cholimba ndi nsonga, imapindikira pazala. Ndipo mpeni wopinda uliwonse si wotsegulira chitini cha penti. Msomali wapolumikizira umakhwepa, mpeni n'kuyamba kugwedera.

Makatoni ndiwo amabunthitsa mpeni kuposa zonse mwatchulazi. Ponola, nyowetsani mwala, pendeketsani mpeni madigiri pafupifupi 20, nolani mbali imodzi mpaka mumve kachitsulo kokanda kuseri kwake, ndiye mutembenuze. Kachitsuloko muchotse pokhula palamba wachikopa, kuthwa kukutsalira m'mbuyo.

Zansomba, mamba ndi magazi zimalowa polumikizira n'kununkha. Kunyanja pitani ndi mpeni wosapinda ngati Morakniv Companion, umatsukika bwinobwino. Ngati muli ku Britain, dziwani kuti mpeni umene lamulo limalola kuyenda nawo popanda chifukwa chomveka ndi wopinda, wopanda loko, wosapitirira mainchesi 3. Opinel wa mphete uja kumeneko amawerengedwa kuti ndi waloko.