Kaundula wa ndende wa makolo a mkazi wanga: tikaupereke kapena tiusunge?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku America ndipo mkazi wanga ndi wa konkuno. Apongozi anga atipatsa bokosi la katundu wa agogo awo, omwe anali sheriff m'katauni kena kakumidzi zaka za m'ma 1920. Sheriff ndi mkulu wosungitsa malamulo m'dera lotchedwa county, ndipo udindowu amaupeza pochita kuvoteredwa.

M'bokosimo muli baji, unyolo wa m'manja ndi kaundula wa akaidi wachikuto chothetheka. Dzina, tsiku, mlandu, zonse zolembedwa pamanja. Ambiri anagwidwa ndi mowa, poti kuyambira 1920 mpaka 1933 kutcheza ndi kugulitsa mowa kunali koletsedwa m'dziko lonse. Ena mlandu wawo unali kungoyendayenda opanda ntchito, ndipo pambali pa dzina amalembaponso khungu la munthu. Ine monga munthu wakuda, masamba amenewo ndinawawerenga mtima ukuwawa.

Koma chomwe chandigwira kwambiri ndi banjalo. Nthawi imeneyo m'matauni ang'onoang'ono banja la sheriff limakhala m'nyumba imodzi ndi ndende, anthu kumaso, zitolokosi kumbuyo. Mayi wa pakhomo ndiye amaphikira akaidi, kuwachapira zofunda, ndi kuyang'anira akaidi aakazi. Boma limalipira sheriff ndalama ya chakudya pa mkaidi aliyense patsiku, yotsala n'kukhala yake. Ndiye ganizirani: mphika womwewo ukudyetsa ana ako ndi anthu amene mwamuna wako wawatsekera, ndipo mbale ya mkaidi ikachepa banja limapindula. M'mphepete mwa masamba ena muli manambala a zakudya olembedwa ndi dzanja lina, lomwe apongozi akuti ndi la agogo awo aakazi.

Mkazi wanga akufuna tikapereke bukuli kosungira mbiri ya m'deralo. Apongozi akukana, akuti zidzukulu za anthu olembedwamo zikadali m'tauni momwemo, tidzawachititsa manyazi. Ine ndili pakati. Mukanakhala inu mukanatani?

Mayi wina: Achimwene, kaperekeni. Osunga mbiri amadziwa kusamala mapepala otere, ndipo mutha kugwirizana nawo za mmene anthu aziliwonera. Kwa mabanja ena achikuda, dzina la kholo lawo limapezeka m'mabuku ngati amenewa basi. Yang'ananinso kalembera wa 1930. Ku America zolemba za kalembera zimatsegulidwa pakatha zaka 72, ndipo akaidi amalembedwa pamalo pomwe anali patsikulo. Mwina mukawapeza pa tsamba limodzi ndi banjalo.

Bambo wina: Ine ndili mbali ya apongozi anuwo. Mkamwini sathamangira kugamula za mbumba ya eni. Iwo akuwadziwa anthu a m'taunimo, inu simukuwadziwa. Jambulani masamba onse, bukulo likhale kaye m'nyumba pamalo ouma, nkhaniyi muidikire ipse.

Mayi wachitatu: Nonse mukukamba za akaidi, nanga mayi uja, mkazi wa sheriff? Akazi amenewa amagwira ntchito ya boma dzina lawo osatchulidwa. Mwamuna akamwalira ali pa udindo, nthawi zina amapatsa mkaziyo kuti amalize nthawi yotsalayo. Emma Banister ku Texas anakhala sheriff choncho mu 1918. Lillian Holley ku Indiana analowa m'malo mwa mwamuna wake yemwe anaphedwa pa ntchito mu 1933, ndipo ndi m'ndende yake ku Crown Point momwe chigawenga John Dillinger chinathawa mu 1934. Khalani pansi ndi apongozi anu, muwafunse zomwe anamva za agogo awo aakazi, muwajambule mawu akadali ndi mphamvu.

Mwini funso: Zikomo nonse. Kujambula masamba ndiyamba sabata ino, ndipo apongozi avomera kucheza nafe Loweruka. Funso lina kwa mayi oyamba aja: kodi osunga mbiriwo amalola kuti buku likhale lotsekedwa kwa zaka zingapo tikawapempha? Ngati n'zotheka, mwina apongozi angamasuke.