Kodi kalembera ndi kuyeza DNA zingandithandize kupeza kumene agogo anachokera?

Mdzukulu wa ku Dedza:
Akuluakulu, agogo anga aamuna anapita ku Joni kudzera pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu okagwira ntchito m'migodi, ndipo sanabwerenso, choncho ife sitidziwa mudzi wawo weniweni. Kodi mabuku a kalembera angandipatse mayina a makolo awo, kapena ndingoyezetsa DNA?

Mphunzitsi Wopuma:
Pa kalembera musayembekezere zambiri. Chilandirireni ufulu, dziko lathu lachita kalembera mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, koma ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imafalitsa ziwerengero zokha, ndipo za munthu payekha imazisunga mwachinsinsi. Yambani ndi mabuku a ubatizo ndi a ukwati a kumishoni, kenako mupite ku National Archives, kosungira zolembedwa zakale za dziko, komweko ku Zomba. Funsaninso ku TEBA, bungwe limene linatenga ntchito ya Wenela.

Nachisale:
DNA siitchula mudzi ngakhale dzina la munthu, achimwene. Kuyeza kwa mtDNA kumatsata mzere wa amayi okhaokha, monga mmene ife Achewa timawerengera mbumba, pamene Y-DNA imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Ngati agogowo ndi bambo a bambo anu, Y-DNA ndiyo ingakuthandizeni; ngati ndi akuchikazi, woyezetsa Y-DNA akhale amalume anu. Vuto ndi lakuti anthu a kuno amene anayezetsa ndi ochepa, kotero zotsatira zimangotchula chigawo chachikulu cha Africa.

Mdzukulu wa ku Dedza:
Ndi akuchikazi. Ndikambirana ndi amalume, ndipo ndiwafunsanso mfunda wa agogowo.