Yesu anabadwa nthawi ya Herode kapena ya Kureniyo?

Abale odziwa Chigiriki ndi mbiri yakale, ndithandizeni pamenepa. Mateyu 2 akusonyeza kuti Yesu anabadwa Herode akadali moyo, ndipo Herodeyo anamwalira cha mu 4 BC. Koma Luka 2:2 akulumikiza kubadwako ndi kalembera wa Kureniyo, kazembe wa Suriya, amene malinga ndi Josephus, Myuda wolemba mbiri yakale, anachitika mu AD 6, Arkelao, mwana wa Herode, atachotsedwa pampando ku Yudeya. Pakatipa pali zaka zosachepera 9.

Ena amati liwu la Chigiriki loti prote pa Luka 2:2 limatanthauza "asanakhale", osati "woyamba". Kodi kalembedwe ka Chigiriki kakuloladi zimenezo? Ine ndikuona ngati n'zokakamiza. Nanga pali umboni weniweni woti Kureniyo analamulira Suriya kawiri, kapena n'kungofuna kuti nkhani ziwirizi zigwirizane basi?